Kugulitsa Puloti Kapena Kamunda: Malamulo Ake ndi Ndalama Zotsalira M'njira

Kabuku aka ndi ka yani?

Kabuku aka ndi ka mabanja amene akuganiza zogulitsa malo aang'ono: puloti ya m'tauni, chigawo cha munda, kapena kamalo kotsala kuseri kwa nyumba. Malonda oterewa achuluka m'madera ozungulira mizinda, monga ku Chileka, Lunzu ndi Mpemba ku Blantyre, kwa Njewa, ku Chitipi ndi Lumbadzi ku Lilongwe, ndiponso ku Dunduzu ndi Ekwendeni kufupi ndi Mzuzu. Ambiri amagulitsa atapanikizika ndi fizi, matenda kapena feteleza, ndipo amatchula mtengo asanawerengere zolipira.

Mtengo umene mwagwirizana ndi wogula si ndalama imene mutsale nayo m'manja. Pali zolipira zingapo zimene sizichepa ngakhale malowo achepe. Saveya amene wabwera kudzayeza puloti ya mamita 15 kwa 30 amafunika galimoto, mafuta ndi zipangizo zomwe akadafuna poyeza maekala awiri. N'chifukwa chake wogulitsa malo aang'ono ndiye ayenera kuwerengera kwambiri kuposa wogulitsa esiteti.

1. Yambani mwadziwa mtundu wa malo anu

Malamulo a malo amene tikugwiritsa ntchito pano adakhazikitsidwa mu 2016 ndipo adakonzedwanso mu 2022. Zimene mungachite ndi malo anu zimadalira mtundu wake.

*Malo a boma.* Awa ndi monga nkhalango zotetezedwa, malo a m'mbali mwa misewu, malo a sukulu ndi zipatala za boma. Palinso malo a anthu onse a m'mudzi monga madambo odyetsera ziweto ndi manda. Palibe munthu, ngakhale mfumu, amene ali ndi mphamvu yogulitsa malo amenewa. Kulimapo zaka zambiri sikukusandutsani mwini wake.

*Malo a makolo.* Awa ndi minda ndi malo okhala a kumudzi amene ali pansi pa mafumu. Mfumu ndi msungi wa malowa m'malo mwa anthu ake, ndipo banja lili ndi ufulu wolima, kumanga ndi kusiyira ana. Lamulo la 2016 lidabweretsa makomiti a malo pa gulupu aliyense. Komitiyi imatsogozedwa ndi a gulupu ndipo imakhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera atatu. Banja likhoza kulembetsa malo ake kudzera ku komitiyi n'kulandira chiphaso cha umwini. Ntchito yolembetsayi idayesedwa koyamba m'madera ena a maboma monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi.

*Malo a lizi.* Awa ndi malo amene mudapatsidwa kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri zaka 99 ngati ndi omangapo nyumba, ndipo mumalipira lendi chaka ndi chaka. M'mizinda, mwini wamkulu wa malowa amakhala Unduna wa za Malo, bungwe la Malawi Housing Corporation, kapena khonsolo. Chimene mumagulitsa ndi zaka zotsala za liziyo pamodzi ndi zimene mwamangapo.

*Malo a freehold.* Awa alibe malire a zaka, ndipo ambiri ndi ochokera ku maesiteti akale. Ndi ochepa m'manja mwa mabanja wamba.

2. Malamulo anayi amene amagwetsa malonda

Loyamba likukhudza malo opanda chitukuko. Kusintha kwa 2022 kudaletsa kugulitsa malo a lizi kapena a freehold amene angokhala osatukulidwa. Cholinga chake n'kuthana ndi anthu otenga mapuloti n'kumangowasunga kudikira kuti mtengo ukwere. Ngati puloti yanu ili ndi udzu wokhawokha, pitani kaye ku ofesi ya za malo akakuuzeni njira yoyenera musanatsatse malonda.

Lachiwiri likukhudza malo a makolo. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo si title deed. Imangochitira umboni kuti amfumu akudziwa za nkhaniyo. Malamulo a 2016 ndi 2022 adakhwimitsa kwambiri kugulitsa malo a makolo, ngakhale olembetsedwa kale, pofuna kuti mabanja asatsale opanda polima. Musalandire ndalama ya munthu musanaonane ndi komiti ya malo komanso mkulu woona za malo ku ofesi ya DC. Ngati vuto lanu ndi la chaka chimodzi, ganizirani zobwereketsa mundawo kwa nyengo yodziwika, molemberana.

Lachitatu ndi la kudula malo. Kugawa puloti kapena munda wa lizi kuti mugulitseko chigawo kumafuna chilolezo cha oona za mapulani ku khonsolo. Iwo amaona ngati chigawocho n'chokwanira kumangapo, ngati chili ndi njira yolowera, ndiponso ngati sichili m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa mawaya a ESCOM kapena m'malo osungidwira msewu. Chigawo chimene mwadula ndi khasu popanda chilolezo sichingalembetsedwe m'dzina la wogula.

Lachinayi ndi la wogula amene si nzika ya dziko lino. Malamulo amaika malire okhwima pa malo amene munthu wotere angakhale nawo. Onani chiphaso cha unzika cha wogula, ndipo chenjerani ndi munthu amene akugula m'dzina lake koma ndalama zikuchokera kwa wina wobisala.

3. Ndani ayenera kuvomereza pabanja?

Milandu yambiri ya malo siyambira kwa wogula, imayambira m'nyumba. Kumene kuli chikamwini, munda ndi wa mbumba. Mkamwini alibe mphamvu yougulitsa, ndipo mwinimbumba nayenso sangagulitse popanda alongo ake ndi ana awo. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, abale a kuchimuna amakhala ndi mawu. Malo amene mwamuna ndi mkazi adagula ali pabanja, onse awiri asainire, ngakhale pachikalata patakhala dzina la mmodzi.

Malo a masiye ali ndi lamulo lawolawo la 2011. Mwana woyamba kapena malume sangangodzuka n'kugulitsa puloti ya malemu. Pamafunika munthu amene wapatsidwa mphamvu zoyendetsa chumacho ndi khoti, kapena kudzera ku ofesi ya DC ndi ya Administrator General. Kulanda kapena kugulitsa chuma cha masiye popanda mphamvuzi ndi mlandu. Kumbukiraninso kuti mkazi wamasiye ndi ana onse a malemu, ngakhale aang'ono ndi obadwira kunja kwa banja, ali ndi gawo lawo.

Khalani pansi monga banja musanaitane wogula. Lembani zimene mwagwirizana: malo ake ndi ati, mtengo wotsikitsitsa ndi uti, ndalama zidzagawidwa bwanji. Amene ali kutali, kaya ku Joni kaya ku Mzuzu, atumize kalata yosainira pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chake. Mawu a pafoni amakanidwa mawa.

4. Yendani m'malire

Tsiku loonetsa malo, itanani oyandikana nawo mbali zonse, amfumu kapena nthumwi yawo, ndi wogula. Yendani ngodya ndi ngodya. Pa malo oyezedwa kale mupeza mabikoni, timiyala ta simenti tokhala ndi kachitsulo pakati. Nthawi zambiri timakhala titakwiririka ndi dothi kapena udzu, choncho fukulani pang'ono mpaka tonse tioneke. Ngati bikoni yasowa, musaikepo mwala wanu. Ntchito yobwezeretsa ndi ya saveya wovomerezeka, ndipo kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu.

Yezani ndi tepi, osati mapazi. Mapazi a munthu wamtali ndi a wamfupi amasiyana, ndipo pa puloti yaing'ono mita imodzi ndi malo a chimbudzi chathunthu. Miyezo iyi ikuthandizeni:

- Puloti ya mamita 15 kwa 30 ndi masikweya mita 450.
- Puloti ya mamita 20 kwa 40 ndi masikweya mita 800.
- Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kapena mamita 64 mbali zonse zinayi.
- Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, pafupifupi maekala awiri ndi theka.

Malire otchulidwa ndi mtengo wa mango, chulu kapena mzere wa nthochi sakhalitsa. Mtengo umadulidwa, chulu chimaumbidwa njerwa. Lembani miyezo m'pangano ndipo tchulani oyandikana nawo kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera.

5. Zolipira: n'ziti ndipo amalipira ndani?

Mitengo ya ku maofesi a boma imasintha, choncho pitani mukafunse ya chaka chino n'kuilemba. Kagawidwe kali m'munsika ndi kamene anthu ambiri amatsata, koma mukhoza kugwirizana mwina, bola mulembe.

*Zimene kawirikawiri zimagwera wogulitsa:*

- Ngongole ya lendi ya malo. Amene adakupatsani liziyo sangavomereze kusintha dzina muli ndi ngongole.
- Msonkho wa khonsolo wa malo ndi nyumba, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole.
- Chilolezo chosinthira umwini, chimene ku maofesi amati consent.
- Kalata ya tax clearance yochokera ku MRA, imene imafunika posintha umwini wa malo ndi nyumba. Mufunika nambala yanu ya wolipira msonkho, ndipo a MRA amaona ngati pali msonkho wa phindu limene mwapeza pogulitsa.
- Saveya ndi chilolezo chodulira malo, ngati mukugulitsa chigawo chabe. Mapu amene saveya wajambula, otchedwa deed plan, amayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya Surveyor General.
- Ngongole ya ku banki, ngati malowo mudaikira chikole, ndi ndalama yofufutira chikolecho m'kaundula.
- Mabilu otsala a madzi ndi magetsi.
- Komishoni ya dobadoba amene wakupezerani wogula.

*Zimene kawirikawiri zimagwera wogula:*

- Kufufuza m'kaundula wa malo kuti aone mwini wake weniweni ndi ngongole zimene zilipo.
- Loya wolemba zikalata zosinthira umwini.
- Msonkho wa chidindo, stamp duty, umene umawerengedwa pa mtengo wa malowo.
- Ndalama yolembetsera dzina latsopano m'kaundula.

Musaiwale thiransipoti. Maofesi akuluakulu a za malo ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo si kawirikawiri kuti zonse zitheke pa ulendo umodzi. Werengeraninso zojambulitsa mapepala ndi masiku amene ntchito ya kumunda kapena ya geni idzaime.

Ndalama iliyonse yolipira ku boma kapena ku khonsolo ikhale ndi lisiti lovomerezeka. Wogwira ntchito amene akuti mum'patse m'manja kuti afulumizitse fayilo akukupemphani ziphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali pa mlandu. Chothokoza cha amfumu chimene chimaperekedwa mwamwambo chidziwike poyera pamaso pa mboni, ndipo mugwirizane kale kuti apereke ndani.

6. Chitsanzo cha kawerengedwe

Manambala awa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa njira. Inu muikepo anu.

Banja lina likudula chigawo cha puloti yawo ya lizi, pamene pali kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo agwirizana mtengo wa K5,000,000.

- Komishoni ya dobadoba, K10 pa K100 iliyonse: K500,000
- Saveya ndi chilolezo chodulira: K600,000
- Ngongole ya lendi ndi msonkho wa khonsolo: K200,000
- Consent, makalata ena ndi zojambulitsa: K150,000
- Maulendo: K100,000

Zonse pamodzi ndi K1,550,000. Banjali litsala ndi K3,450,000, msonkho wa MRA usanawerengedwe. Apa ndiye kuti pa K100 iliyonse, K31 yatsalira m'njira. Malo omwewo akadakhala a K50,000,000, saveya, makalata ndi maulendo sizikadakwera kakhumi, ndipo gawo lotsalira m'njira likadachepa kwambiri.

Tsono werengerani chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi ndalama imene mukufuna kutsala nayo, onjezerani zolipira zonse, ndipo yankho lake ndiwo mtengo wotsikitsitsa umene mungavomere. Mukapeza kuti zotsala sizikukwanira vuto limene mukugulitsira malowo, ndi bwino kudziwa zimenezi malo akadali anu.

7. Madobadoba

Dobadoba akhoza kukupezerani wogula msanga, koma gwirizanani naye zinthu zitatu molemba: komishoni ndi zingati, amalipira ndani, ndipo alandira liti. Nthawi yabwino ndi pamene ndalama zonse zalowa. Musam'patse zikalata zenizeni za malo, m'patseni zojambulitsa zokha mutalembapo kuti n'zongoonetsa. Kumanani nokha ndi wogula n'kutchula mtengo pamaso pake, chifukwa ena amauza mwini malo mtengo wina, wogula mtengo wina, chapakati n'kuika m'thumba. Ndalama za malonda zisadutse m'manja mwa dobadoba. Ngati malowo ndi a mtengo wokwera, funani kampani yolembetsedwa yogulitsa malo ndi nyumba, yokhala ndi ofesi yodziwika.

8. Pangano lolemba

Ngakhale wogula ndi mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo, lemberanani. Panganolo likhale ndi izi:

1. Maina onse a wogulitsa ndi wogula monga alili pa ziphaso za unzika, ndi manambala a ziphasozo.
2. Malo ali kuti: mudzi, gulupu, mfumu yaikulu ndi boma, kapena nambala ya puloti ndi ya title.
3. Miyezo ndi malire.
4. Zimene zikugulitsidwa pamodzi ndi malowo: nyumba, chitsime, mitengo, njerwa. Ngati m'munda muli mbewu, lembani amene adzakolole.
5. Mtengo wonse, m'manambala ndi m'mawu.
6. Dipoziti, ndi masiku olipira zotsala.
7. Chimene chidzachitike wogula akalephera kumaliza, kapena boma likakana kupereka chilolezo: ndalama zingati zidzabwezedwa ndipo pofika liti.
8. Mndandanda wa zolipira ndi dzina la wolipira chilichonse.
9. Tsiku limene wogula adzayambe kugwiritsa ntchito malowo.
10. Masaini kapena zidindo za chala za onse awiri, za mwamuna kapena mkazi wa wogulitsa, ndi za mboni zosachepera ziwiri mbali iliyonse.

Amene sadziwa kuwerenga abwere ndi munthu wake womudalira amuwerengere mokweza asanadinde chala. Pangano likalembedwa m'Chingerezi, limasuliridwe mzere ndi mzere. Musasainire pepala lokhala ndi mipata yosalembedwa, ndipo aliyense atenge kope yake tsiku lomwelo.

Wogula wina adzakunyengererani kuti m'zikalata mulembe mtengo wotsika kuti msonkho wa chidindo uchepe. Kanani. Kumeneko n'kubera boma, ndipo akatswiri a boma ali ndi mphamvu yoyesa okha mtengo wa malowo. Komanso wogulayo akadzasiya kulipira, khoti lidzayang'ana mtengo umene mudasainira, osati umene mudanong'onezana.

9. Kulandira ndalama

Njira yabwino ndi ya ku banki, chifukwa imasiya umboni. Uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zalowa musaukhulupirire msanga, pitani mukaone mu akaunti yanu. Cheke si ndalama mpaka banki itatsimikiza. Ngati palibe kuchitira mwina koma kulandira pamanja, kumanani m'banki momwemo, ndalamazo ziwerengedwe ndi kusungitsidwa nthawi yomweyo.

Wolipira pang'onopang'ono azilandira lisiti nthawi iliyonse, losonyeza zimene wapereka ndi zotsala. Musam'lole kuyamba kumanga asanamalize. Munthu amene wakweza khoma mpaka pawindo savuta kulowa koma amavuta kutuluka, ndipo nkhani imasanduka yoti inu mum'bwezere za simenti. Zikalata zenizeni zimaperekedwa ndalama zonse zikalowa. Pamene palibe kukhulupirirana, loya akhoza kusunga ndalama ndi zikalata mpaka mbali zonse zitakwaniritsa.

Mukalandira dipoziti ya munthu mmodzi, malonda atsekedwa. Kulandiranso ya wina chifukwa watchula mtengo wokwera ndi kupeza ndalama mwachinyengo, ndipo anthu amamangidwa nazo.

10. Malizani kusintha dzina

Ogulitsa ambiri akalandira ndalama amaona ngati zatha. Dzina lanu likadali m'kaundula, lendi ndi msonkho wa khonsolo zimabwerabe kwa inu, ndipo mkangano ukabuka pamalopo amaitanidwa ndinu. Mukamwalira dzina lisanasinthidwe, ana anu ndi wogula adzakokana ku khoti. Ikani m'pangano miyezi imene wogula ayenera kukhala atamaliza kusintha dzina, ndipo inu khalani okonzeka kukasainira pamaso pa loya kapena mkulu wolumbiritsa. Sinthaninso maina ku ESCOM ndi ku bungwe la madzi.

Ndondomeko mwachidule

1. Dziwani mtundu wa malo, ndipo funsani ngati lamulo likulola kugulitsa.
2. Gwirizanani pabanja ndi kulemba.
3. Sonkhanitsani zikalata ndi malisiti, fufuzani ngongole.
4. Funsani mitengo ya zolipira zonse, kenako ikani mtengo wa malo.
5. Yendani m'malire ndi oyandikana nawo.
6. Lembani pangano, landirani dipoziti kudzera ku banki.
7. Pezani zilolezo ndi makalata a msonkho.
8. Landirani zotsala, perekani zikalata, tsimikizani kuti dzina lasinthidwa.

Kopeza thandizo

Pa malo a makolo, yambirani ku komiti ya malo ya kwa gulupu wanu ndi ku ofesi ya DC. Mikangano ya malowa imayambira ku bwalo la za malo la kwa mfumu yaikulu, ndipo amene sanakhutire ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la za malo la pa boma. Pa malo a lizi, pitani kwa amene adakupatsani liziyo: Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo. Za msonkho funsani ku MRA. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo wofunsidwa ziphuphu akanene ku Anti-Corruption Bureau.

Malonda akatha, sungani kope ya pangano, malisiti onse, umboni wa ku banki ndi kope ya chikalata chosinthira umwini. Ziikeni m'pepala la pulasitiki pamalo ouma osafika chiswe, zijambuleninso pafoni, ndipo muuze munthu mmodzi wamkulu pabanja kumene zili.